KODI M'MANJA TIZIOMBA LITI?

Chiyambire 1999, pamene wailesi ya kanema ya TVM idatsegulidwa, Amalaŵife tazoloŵera kuonera mipikisano ya kuimba. Ngakhale kuno ku Namitete achinyamata amaunjikana pa kanema mmodzi madzulo, kudikira kuti amve chigamulo cha oweruza. Mu 2015 ambiri adakondwera pamene Sam Mjura Mkandaŵire, woimba wosaona, adapambana mpikisano wa Airtel Trace Music Star, nakaimirira Malaŵi ku Kenya. Koma aŵerengi, tiyeni tidzifunse: kodi m'manja mwathu mumalira nthaŵi yanji?

Mu 2009 mayi wina wa ku Scotland, Susan Boyle, wa zaka 47, adaimirira pa mpikisano wa Britain's Got Talent. Oonerera ataona tsitsi lake ndi kavalidwe kake, adayamba kutsinana ndi kuseka. Atangotulutsa liwu, onse aja adanyamuka m'mipando naomba m'manja. Ambiri amati pamenepo khamu lidamlimbikitsa. Ine ndikuti khamulo lidangomlipira chifukwa chakuti adalisangalatsa. Amene adamlimbikitsa zenizeni ndi mayi ake omubala, amene ankamuumiriza kuti asabise mphatso yake pamene ankangoimba m'tchalitchi cha kwawo. Iwoŵa adamwalira mu 2007, osaona mwana wawo akutchuka.

Buku la Machitidwe a Atumwi limatiuza za Yosefe, Mlevi wa ku Kupro, amene atumwi adamutcha Barnaba chifukwa cha mtima wake wolimbikitsa ena. Saulo atatembenuka nafika ku Yerusalemu, ophunzira adamuopa, popeza ankamudziŵa ngati wozunza Mpingo. Barnaba ndiye adamtenga napita naye kwa atumwi, asanaone ngakhale mpingo umodzi wobzalidwa ndi iye. Pambuyo pake Yohane Marko adabwerera panjira ku Pamfuliya, ndipo Paulo adakana kumtenganso. Barnaba adalolera kusiyana ndi Paulo, natenga mnyamata wolepherayo kunka naye ku Kupro. Patapita zaka, Paulo yemweyo adalembera Timoteo kuti abwere naye Marko, chifukwa adali wothandiza pa ntchito. Taonani: Barnaba adalimbikitsa wina asanaonetse zipatso, ndipo winayo atagwa kale. Nthaŵi ziŵirizi ndi zimene khamu limakhala chete.

Wina anganene kuti oweruza aukali ndiwo amathandiza, popeza sabisa chichewa. Nzoona kuti kunamiza mwana wosatha nyimbo kuti ndi katswiri ndi nkhanza, chifukwa tsiku lina adzachita manyazi pagulu. Komabe woweruza wa pakanema akanena zoona amaitana wotsatira, ndipo za wolepherayo saziganizanso. Mphunzitsi sangachite chimodzimodzi, pakuti maŵa lomwelo adzakumananso ndi mwana uja m'kalasi. Choonadi chake chiyenera kudza pamodzi ndi njira: apa walakwa, konza motere, ubwerenso Lachisanu ndidzamve.

Aphunzitsi anzanga, pamene zotsatira za mayeso a MSCE zatuluka, timathamangira kugwira chanza amene akhoza bwino, naŵonso makolo amapha nkhuku. Nanga mtsikana wa ku Nsaru kapena mnyamata wa ku Kabudula amene dzina lake silidatuluke, amamuyendera ndani? Mawu aŵiri okha angamubwezere m'kalasi kuti akalembenso, kapena kumuloza ku sukulu ya ntchito zamanja monga Namitete Technical College. Tikakhala chete, iye amamva ngati tonse tagwirizana kuti watha ntchito.

Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, musadikire kukula kuti mukhale a Barnaba. M'kwaya mwanu muli wina amene amaimba motsitsa chifukwa adasekedwapo. Khalani pafupi naye pokonzekera nyimbo, mumuuze pamene wachita bwino, ndipo akaphonya muyambirenso naye limodzi. Paja akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.