Cikoti Anacilanda kwa Aphunzitsi, Nanga Inu Anakupatsani Ndani?

Anzanga acinyamata, masiku ano palibe mwana wa sukulu amene sadziwa mau akuti "ufulu wanga". Mphunzitsi akangokweza dzanja, kalasi lonse limayamba kuchula lamulo. Nsima ikabwera yosapsa, mawa lake ophunzira asonkhana pansi pa mtengo. Zimenezi ine sinditsutsa. Cimene candiwawa mtima nciakuti ambiri a inu amene mumafuula za ufulu masana, ndinu omwe mumavula lamba usiku ndi kukwapula ana atsopano m'nyumba zogonamo. Mumawachula kuti mazeze, ngati kuti makolo ao sanawapatse maina.

Tiyeni tikumbutsane m'mene cikoti cinacokera. M'caka ca 1999 Khoti Lalikulu la dziko lathu linaweruza mlandu wa John Banda, amene khoti laling'ono linalamula kuti akwapulidwe zikoti 10 cifukwa coononga katundu. Oweruza anati cilango cotere cimanyazitsa munthu, ndipo cisemphana ndi ndime 15 ya malamulo akulu a dziko. Mu 2003 boma linaletsa kukwapula m'masukulu. Lamulo la maphunziro la 2011 linamanganso mfundo yomweyo, ndipo mu 2022 kunabwera lamulo lina loteteza ana onse. Tsono cherani khutu apa. Lamulo la 2011 silinena za mphunzitsi yekha ai. Liletsa mphunzitsi, wanchito, kapena munthu wina aliyense wa pasukulu kumenya wophunzira kapena kumcita zonyazitsa. Kodi iwe wa Grade 12 si munthu wa pasukulu? Lamulo lomwe umaopsezera nalo aphunzitsi ako likuloza iwenso.

Onse amene anagonapo pasukulu adziwa zimene ndikunena. Mwana afika ndi katundu wake, tsiku lomwelo shuga, sopo ndi nshawa zokazinga zimene amai ake anammangira zalandidwa. Amcapitsa zobvala za "akulu". Amgwaditsa pasimenti pakati pa usiku m'mwezi wa June, amuthira madzi pabulangeti, amuimbitsa nyimbo ena ali kuseka. Akalira, cilango ciwirikiza. Akanena kwa aphunzitsi, ndiye kuti teremu yonse sadzaona tulo. Kwa atsikana cikoti cimacepa, koma pakamwa ndi kutumana nchito zonyansa zimalasa cimodzimodzi.

Mukafunsidwa mumati, "Nafenso anaticita, ndi mwambo wa sukulu." Ha! Kodi munthu akakuba nkhuku, iwe umakaba ya mnansi wako kuti mtima ukhale pansi? Amene anakumenya anamaliza sukulu kalekale, ali ku Lusaka, ndipo dzina lako anaiwala. Mwana amene uli kummenya lero anali kuweta mbuzi kwao pamene iwe unali kulira. Wakulakwira ciani?

Ena amafanizira khalidweli ndi cinamwali, ati ndi kukhwimitsa mwana kuti adziwe ulemu. Musanyoze mwambo wa makolo cotero. Kuno kwa a Mlolo ndi m'dziko lonse la Gawa Undi, cinamwali cili ndi eni ake. Pali anamkungwi odziwika m'mudzi, pali phungu woyang'anira namwali, makolo amabvomereza, ndipo amfumu amadziwa. Pakalakwika kanthu pali wofunsidwa. Nanga za m'nyumba zogonamo, namkungwi wake ndani? Mnyamata wa zaka 18 amene walephera masamu, nafuna pomalizira ukali wake? Ndipo ciphunzitso cake nciti? Cimene mwana amatolapo ndi cimodzi cabe, cakuti wamphamvu amadya za wofooka, ndipo iye angodikira caka cake.

Ganizirani za kwathu kuno. Kuyambira mu January 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu, ndipo ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, zina mwa izo nkukhala zolipirira ana osauka m'masukulu ogonera komweko ndi m'makoleji a luso la manja. Conco mwana wamasiye wa m'midzi ya kumalire ndi Mozambique, amene kale akadathera kumunda wa thonje, lero angathe kukagona pasukulu ku Chadiza, ku Katete kapena ku Chipata. Agogo ake agulitsa tini ya soya kuti amgulire bulangeti ndi nsapato. Mwana wotere sanagonepo kunja kwa mudzi, Cizungu cake ncocepa, ndipo ndiye amene mumayamba naye. Pakapita milungu itatu abwera kumudzi, ati mutu uwawa. Sabwereranso. Akakhala mtsikana, caka cisanathe tamva kuti wakwatiwa. Khomo analitsegula ndi boma, koma wolitseka ndiwe, mnzake wa yunifomu imodzi.

Anzanga a kukoleji, musaganize kuti nkhaniyi yakulambalalani. Lamba mwina munasiya, koma mtima ndi womwewo. Pakabuka citetezo ca kukwiya ndi akulu a koleji, ndani amagogoda pazitseko za atsopano ndi kuwakoka kuti akaponye miyala? Wokana amachedwa wogulitsa anzake. Kudandaula ndi ufulu wanu ndithu, ndipo kawirikawiri madandaulo ake amakhala oona. Koma tisaiwale October 2018, pamene cipolowe ca ndalama za cakudya pa UNZA cinathera pa imfa ya mtsikana wophunzira, apolisi ataponya utsi wokhetsa misozi m'nyumba zogonamo. Apolisi analakwa kwambiri, ndipo ophunzira anacita bwino kufuula. Tsono ngati mudziwa kuwawa kwa kuponderezedwa ndi wamphamvu, bwanji mukakamiza mnzanu amene wasankha kukhala m'cipinda cake? Iyenso ufulu wokana ali nao. Mawindo akasweka, ndalama yolipira imagawidwa kwa onse, ndipo amene amagulitsa mbuzi ndi atate a uja sanagwire mwala.

Ndidziwa kuti akulu ena akawerenga izi adzati, "Taonani, tinanena ife, bwezani cikoti." Pepani makolo anga, apa sitigwirizana. Kuzunza ana atsopano kunalipo pamene cikoti cinali kulira tsiku ndi tsiku pa ofesi ya ahedi, ndipo anyamata anaphunzira komweko kuti wamkulu amalankhula ndi ndodo. Cimene cisoweka ndi akulu ogona ndi diso limodzi. Mphunzitsi woyang'anira nyumba zogonamo amene sapondako dzuwa likalowa wasiya ana m'manja mwa afisi. Mapulifekiti osankhidwa cifukwa ca msinkhu ndi cifuwa ndiwo amasanduka mafumu a nkhanza. Womenya mnzake aitanidwe pamodzi ndi makolo ake, abweze cimene analanda, ndipo akabwereza acotsedwe m'nyumba yogonamo. Cimeneco ndi cilango, ndipo lamulo siliciletsa.

Cimene cindicititsa manyazi koposa ncakuti ena a omenyawa ndi a m'magulu athu. Pa Sabata atsogolera kwaya, Lolemba usiku agwaditsa mwana wa mpingo wao womwe. Enanso simumenya, koma mumafunda bulangeti kumutu ndi kunamizira tulo. Akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire. Inu a Grade 11 ndi 12, ndi inu a caka comaliza kukoleji, mau anu amamveka m'nyumba zogonamo kuposa a ahedi. Anthu asanu okha ataima pakhomo ndi kunena kuti muno simumenyedwa munthu, lamba limabwerera m'cuuno.

Ndipo iwe mng'ono wanga wa Form 1, kunena si kugulitsa anzako. Pita kwa mphunzitsi wa uphungu. Akakunyalanyaza, uza makolo ako kapena mtsogoleri wa gulu lako. Nambala ya 116 ndi yaulere pa foni iliyonse, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support. Ife atsogoleri, pa chuti cikubweraci tisangofunsa ana kuti wakhala nambala cani m'kalasi. Tiwatengere pambali mmodzimmodzi, tiwafunse kuti bulangeti limene anapita nalo lili kuti.