Kachirombo ka m'Madzi Otentha ndi Adani a Kafukufuku

Alipo anthu, ena mwa iwo ophunzira ndithu, amene amati kafukufuku wosaonetsa phindu lero ndi kumwaza ndalama. Kwa iwo fodya ndi yekhayo ali pamphuno. Maganizo otere ine ndimawatcha umbuli wovala tayi, ndipo mboni yanga ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Thermus aquaticus.

M'chaka cha 1966, Thomas Brock ndi wophunzira wake Hudson Freeze adatapa ndere pa kasupe wina wotentha ku Yellowstone, m'dziko la America. M'nderemo adapezamo mabakiteriya amene amaswana bwino pa madigiri 70, madzi oti ukaviikamo chala chimatuluka matuza. Adalengeza zimenezi mu 1969. Awiriwa sankafuna mankhwala kapena malonda ayi. Ankangofuna kudziwa kuti chamoyo chingapirire kutentha mpaka pati. Adani a kafukufuku akadakhala ndi mphamvu, bwenzi atawalanda mabotolo awo n'kuwauza kuti akagwire ntchito yeniyeni.

Phindu lidadza patapita zaka pafupifupi 20. Mu 1983 Kary Mullis adatulukira njira yotchedwa PCR, yochulukitsira kachidutswa ka DNA kuti kafike mamiliyoni, kathe kupimika. Vuto lidali lakuti njirayi imafuna kutenthetsa zopimazo mpaka pafupifupi madigiri 95 mobwerezabwereza, ndipo enzaimu yogwira ntchitoyo inkafa nthawi iliyonse, wopimayo n'kumathiramo ina. Enzaimu ya kachirombo ka Brock, imene idazolowera moto chibadwire, siidafe. Mu 1991 kampani ya Hoffmann-La Roche idagula umwini wa njirayi pa madola 300 miliyoni. Lero khanda la mayi amene ali ndi HIV limapimidwa ndi PCR likakwana masabata 6, ndipo mu 2020 dziko lonse lidadalira njira yomweyi pofufuza Covid-19. Kodi odandaula za ndalama aja amakana kupimitsa ana awo?

Amayankha kuti izo n'za mayiko olemera, ife tiyambe tathetsa njala. Njala ndi yoona, sindikana. Komatu Brock adayamba ndi mabotolo, choyezera kutentha ndi maikulosikopu, zida zimene labotale ya sukulu yabwino ili nazo. Nawonso akasupe otentha sitichita kuitanitsa kunja: alipo ku Chiweta m'boma la Rumphi, alipo ku Mawira ku Nkhotakota. Ambirife timangowadziwa ngati malo osambira ndi ochapirapo zovala.