Ulosi wa Zanyengo Uzikumbukiranso Alimi a M'dimba

Nthambi yoona za nyengo ikamalengeza za mvula, ambiri timaganiza za chimanga basi. Komatu mlimi wa anyezi, kabichi ndi mpiru amene amadalira msika wa Nkando ku Mulanje ali ndi funso lina: kodi ndipopere mankhwala liti? Maganizo anga ndi akuti ulosi wa zanyengo uziyankhanso funso limeneli.

Pali matenda ena a ndiwo zamasamba omwe pa Chingerezi amati downy mildew. Tsamba limachita mawanga achikasu pamwamba, pomwe kunsi kwake kumamera chuku chotuwa. Matendawa sabwera mwachisawawa ayi. Amaswana usiku kukazizira ndiponso mpweya ukadzaza chinyontho, kenaka mbewu zake zimauluka ndi mphepo m'mawa n'kulowa m'tsamba limene lakhala lonyowa kwa maola angapo. Amene anakulira ku Mulanje waizindikira kale nyengo imeneyi: ndi ya chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zija zimabwera pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ulimi wa m'dimba uli pachimake.

Popeza matendawa amatsata nyengo, n'zotheka kulosera tsiku loopsa. Ku Ontario m'dziko la Canada, akatswiri anakonza njira yotchedwa DOWNCAST m'zaka za m'ma 1980. Njirayi imaona kutentha, chinyontho cha usiku ndi kunyowa kwa masamba, n'kuchenjeza alimi a anyezi. Phindu lake ndi lodziwikiratu. Mankhwala ngati Dithane amateteza tsamba lisanadwale, koma sachiza lodwala kale. Wopopera mochedwa amataya mbewu, pomwe wopopera sabata iliyonse mwamantha amataya ndalama ndipo mankhwala otsala amathera m'mitsinje ngati Thuchila ndi m'mbale zathu.

Ena anganene kuti zimenezi n'za mayiko olemera. Akutero chifukwa zipangizo zoyezera n'zodula, komanso nyengo ya kuphiri imasiyana ndi ya kuchigwa cha Nkando. Mfundoyi ndi yomveka, koma sitikuyambira pansi. Ku Mimosa kuli malo oyezera nyengo, ku Bvumbwe kuli malo ofufuzira za mbewu, alangizi alipo, ndipo wailesi ndi lamya za m'manja zafika m'midzi. Chofunika n'chakuti onsewa agwirizane, ayese njirayi m'madimba mwathu, ndi kutulutsa uthenga waufupi m'Chichewa chomveka. Uthengawo uzinena zoti achite: apopere chiperoni chisanafike, azithirira m'mawa osati madzulo, asathithikize mbewu, ndipo azichotsa masamba odwala.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi wogulitsa ndiwo pa Nkando amapeza sopo ndi fizi ya mwana kuchokera m'bedi limodzi la mpiru. Ngati nyengo ya mawa ikudziwika lero, kumusiya osamuuza tanthauzo lake pa mbewu zake ndi kumulakwira.