Chibangili chopanda wochiyang'anira n'chinyengo

Usiku wa pa 8 February 2017, mtsikana wa zaka 21, Reagan Tokes, adaweruka palesitilanti yomwe ankagwirako ntchito mumzinda wa Columbus, m'chigawo cha Ohio ku America. Adali m'chaka chomaliza pa Ohio State University, atangotsala ndi miyezi itatu kuti alandire digiri. Akufika pagalimoto yake adakumana ndi mwamuna wa mfuti. Mwamunayo adamukakamiza kuyendetsa galimotoyo mpaka kumakina a ATM, adamugwiririra, kenako adakamuwombera kupaki ina kunja kwa mzinda. Mtembo wake udapezeka mawa lake.

Wakuphayo, Brian Golsby, adali atatuluka kundende mu November 2016, atagwira ukaidi wa zaka 6 pamlandu wakuba moopseza ndi wofuna kugwiririra mayi wina. Usiku wonsewo, pamwendo pake padali chibangili cha GPS.

Chibangili chotere ndi kabokosi kakang'ono komangidwa pakakolo ndi lamba wovuta kudula. Kamalandira uthenga kuchokera kumasetilaiti, n'kumatumiza pa netiweki ya mafoni malo omwe wavalayo ali. Akachidula, batire likatha, kapena akalowa dera lomwe adamuletsa, kukompyuta ya oyang'anira kumalira alamu. Cha Golsby chinkagwira ntchito bwinobwino. Chidalemba njira yonse yomwe adayenda ndi mtsikanayo, ndipo oimira boma pamilandu adaionetsa m'khoti. Chidalembanso zina: m'masabata ochepa tsikulo lisanafike, iye adabera anthu 6 moopseza mumzinda womwewo, ndipo chibangilicho chidamuika pamalo omwe umbavawo udachitikira. Panalibe munthu amene adakhala pansi kuyerekeza madandaulo opita kupolisi ndi mayendedwe a mkaidi wakale woopsa chotere. Apolisi adamugwira chifukwa cha kachidutswa ka ndudu komwe adasiya m'galimoto ya mtsikanayo, komwe kadali ndi DNA yake. Za GPS adakaziona mwana wa eni atafa kale.

Ndinene poyera mbali yomwe ndili. Munthu amene khoti lidamupeza wolakwa pamlandu wogwiririra, wakuba munthu kapena wovulaza mwadala, akamatuluka kundende avale chibangili, ndipo achivale kwa zaka. Umboni woti chimathandiza ulipo. Mu 2010, akatswiri a ku Florida State University motsogozedwa ndi William Bales adafufuza anthu oposa 5,000 ovala zipangizozi, ndipo adapeza kuti mpata woti aphwanye malamulo a kumasulidwa kwawo udatsika ndi 31 peresenti poyerekeza ndi anzawo osavala. Munthu akadziwa kuti phazi lake likulembedwa amaganiza kawiri.

Alipo onena kuti izi n'kuphwanya ufulu wa munthu amene adamaliza kale chilango. Sindikuwanyoza. Khoti lalikulu la America, pamlandu wa Grady mu 2015, lidagamula kuti kumangirira munthu GPS ndi chipikisheni, choncho payenera kukhala chifukwa chomveka. Ndikuvomereza: woweruza ndiye alamule, nthawi yake idziwike, ndipo wovalayo akhale ndi mwayi wokapempha kuti amuvule. Asaveke wakuba nkhuku kapena wolephera kulipira chindapusa. Koma kwa amene adakokerapo mtsikana patchire, ufulu wake woyenda mosaonedwa sungalemere kuposa ufulu wa mtsikana wina wofika kwawo wamoyo.

Mkwiyo wanga uli pa maboma amene amagula zibangili n'kuiwala kulemba ntchito anthu oziyang'anira. Belu lomwe timamangirira ng'ombe pakhosi silidaletsepo ng'ombe kulowa m'munda wa eni. Limangouza mbusa komwe yalowera, ndipo mbusa akagona pamthunzi limalira pachabe chimanga chikutha. Kuipa kwake n'koti chibangili chopanda wochiyang'anira chimaposa kusakhalapo kwake pa kuononga. Woweruza amamasula munthu mtima uli m'malo poti avala GPS. Nduna imaimirira pamsonkhano wa atolankhani n'kunena kuti zigawenga zonse zikuoneka pakompyuta. Makolo amagona tulo. Aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye ali maso.

Ku Ohio komweko, aphungu adakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina la Reagan Tokes, ndipo bwanamkubwa John Kasich adalisainira mu December 2018. Lamulolo lidapereka mphamvu yosunga mkaidi wovuta nthawi yotalikirapo. Gawo lokhudza kuyang'anira GPS mwamphamvu, lomwe makolo ake ankalimenyera nkhondo, lidatsala panja. Dzina la mwana wawo adalitenga, koma chomwe chikadamupulumutsa adachisiya, chifukwa chimenecho chimafuna ndalama chaka ndi chaka.

Si Ohio yokha. Ku California, Phillip Garrido adaba mtsikana wa zaka 11, Jaycee Dugard, mu 1991 n'kumusunga kuseri kwa nyumba yake mpaka 2009. M'chaka chomaliza cha ukapolowu, Garrido adali atavala GPS, ndipo oyang'anira akaidi omasulidwa ankafika pakhomopo. Boma la California lidalipira chipepeso cha madola 20 miliyoni. M'chigawo chomwecho, pakati pa 2013 ndi 2014, Steven Gordon ndi Franc Cano ankatola atsikana m'misewu ya Santa Ana ndi Anaheim n'kuwapha, onse awiri ali ndi zibangili kumiyendo. Ambiri mwa ophedwawo ankachita malonda ogonana, ndipo ndikukhulupirira kuti ichi chidachedwetsa anthu kudzidzimuka. Tili nalo khalidwe loipali anthufe kulikonse: mtsikana akasowa, funso loyamba limakhala loti ankafuna chiyani panja usiku. Funso loyenera n'loti chigawenga chodziwika ndi dzina, nyumba ndi nambala chinkafuna chiyani panja usiku, nanga amene amalandira malipiro kuti achiyang'anire adali kuti.

Dziko lomwe layesetsa kwambiri ndi South Korea. Lidayamba kuveka zibangili ogwiririra mu 2008, kenako lidaonjezapo akuba ana, opha anthu ndi akuba moopseza. Lili ndi malikulu oyang'anira ku Seoul ndi ku Daejeon, komwe anthu amakhala pamakompyuta usana ndi usiku. Komabe mu August 2021, Kang Yun-seong, wa zaka 56, yemwe adali atangotuluka kundende mu May, adapha mayi m'nyumba mwake ku Seoul, mawa lake n'kudula chibangili n'kuthawa. Alamu idalira. Apolisi adapita kunyumba kwake kasanu, koma sadalowe chifukwa adalibe chikalata cha khoti chowalola kuchita chipikisheni. Mtembo wa mayiyo udali mkatimo. Kang adapha mayi wachiwiri, n'kukadzipereka yekha kupolisi pa 29 August.

Taganizani za wapolisi ataima pakhomo lotseka, akudziwa kuti mwini nyumba ndi wogwiririra amene wangodula chibangili, koma lamulo lamumanga manja. Apa makina sadalakwe, ngakhale woyang'anira sadagone. Chidasowa ndi mphamvu yochitapo kanthu msanga. Ndikuwapatsa ulemu a ku Korea poti sadabise manyazi awo. Unduna wa zachilungamo udakhazikitsa magulu apadera othamangira aliyense wophwanya malamulo a chibangili, ndipo malamba adawalimbitsa. Cho Doo-soon, amene adaba ndi kugwiririra mwana wa zaka 8 mumzinda wa Ansan mu 2008, atatuluka mu December 2020 adamupatsa womuyang'anira wakewake. Mu December 2023 adatuluka m'nyumba usiku kwa mphindi 40 nthawi yoletsedwa, ndipo khoti lidamubweza kundende kwa miyezi itatu. Ena adati n'kukokomeza. Ine ndikuti umo ndi momwe ziyenera kukhalira, chifukwa munthu wotere akaona kuti alamu yoyamba yangodutsa, amadziwa kuti yachiwirinso idutsa.

Ntchitoyi ndi yolemetsa, tisanamizane. Zipangizozi zimalira kambirimbiri popanda chifukwa: netiweki yathawa, munthu walowa m'nyumba ya zipupa zochindikala, waiwala kutchaja. Woyang'anira m'modzi akamupatsa anthu ochuluka, amazolowera kulirako mpaka amasiya kukumva. Mankhwala ake si kugula makina atsopano. N'kuchepetsa ovala kuti atsale oopsa okhaokha, kuchulukitsa oyang'anira, kulemba malire a komwe aliyense angafike ndi nthawi yokhala pakhomo, ndiponso kuonetsetsa kuti m'mawa uliwonse wina akuyerekeza mayendedwe a ovala zibangili ndi milandu yomwe yachitika usikuwo. Chomalizachi chokha chikadatseketsa Golsby pa umbava wake woyamba.

Tidziwenso malire ake. Chibangili sichiona wolakwa koyamba, ndipo atsikana ambiri amachitidwa chipongwe ndi anthu owadziwa: wachibale, chibwenzi chakale, mnansi. Dziko la Spain lidaganizira zimenezi pomwe mu 2009 lidayamba kupatsa mayi woopsezedwa kachipangizo kake komuchenjeza mwamuna wovala chibangili akamayandikira. Aliponso amuna ena amene mbiri yawo ikuonetseratu kuti sayenera kutuluka msanga, ndipo kwa amenewa chibangili chisakhale njira yotsika mtengo yopezera malo m'ndende yodzaza.

Boma lililonse lomwe likuveka anthu zibangili liziuza nzika zake chaka chilichonse zinthu izi: maalamu angati adalira, angati adayankhidwa, padatenga mphindi zingati kuti munthu afike pamalopo, ndipo woyang'anira m'modzi ali ndi anthu angati. Kampani yogulitsa zipangizo ikalephera kutumiza chenjezo, kontirakiti ithe. Mkulu wa ofesi amene adaona machenjezo akuunjikana n'kungokhala chete achotsedwe ntchito, ndipo akayankhe m'khoti pamaso pa makolo a mtsikana wochitidwa chipongweyo.