Ulendo wa ku London ukutalika mosayenera

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London pali mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000. Ndege ikanyamuka pa bwalo la Kamuzu n'kulunjika ku Heathrow osatera pena, ingauluke maola khumi okha. Koma ndege yotero palibe, ndipo mayi amene akupita kukaona chidzukulu chake ku Mangalande amayenda ulendo wokhotakhota.

Ambiri amadzera ku Addis Ababa. Amauluka maola anayi, n'kukhala pa mpando wa pabwalo mpaka pakati pa usiku, kenaka maola ena pafupifupi asanu ndi atatu. Akamatera ku London m'mawa, amakhala atapyola maola 15 ali pa njira, miyendo itatupa. Ena amadzera ku Nairobi. Njira yodabwitsa ndi ya ku Johannesburg: munthu wopita kumpoto amayamba walowera kumwera maola awiri ndi theka, kuti akakwere ndege ya maola 11 yobwereranso kumpoto. Mtunda wonse umaposa makilomita 10,000, ndipo mafuta a makilomita owonjezerawo amalipira ndi iye.

Tiyerekeze ndi ndege ya Singapore Airlines yochoka ku Singapore kupita ku New York. Imadula makilomita oposa 15,000 osatera, m'maola 18 kapena 19. Mmalawi amene wapeza tikiti ya kulumikiza koipa amatha nthawi yofanana ndi imeneyo pa theka la mtundawo.

Chowawa n'chakuti kale sizinali chonchi. M'zaka za m'ma 1970, Air Malawi inkauluka kuchokera ku Chileka kupita ku London pa ndege ya mtundu wa VC10. Kampaniyo inatha mu 2013, ndipo Malawi Airlines, imene boma lili ndi magawo 51 pa 100 pomwe otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, imayenda m'chigawo chino cha Africa basi.

Alipo amene amati okwera ndi ochepa, ndege yaikulu singadzaze. Mfundoyo ndi yomveka, ndipo palibe akufuna kuti misonkho ikwiriridwe m'ndege yoyenda yopanda anthu. Komatu kuchepa kwa okwera kumadzanso chifukwa cha ulendo wotopetsawu. Mlendo wa tchuthi cha sabata imodzi akaona kuti masiku awiri athera m'mabwalo a ndege, amasiya Cape Maclear ndi Liwonde n'kusankha Nairobi kapena Cape Town, kumene amafika ndi ndege imodzi.

Boma lili ndi mawu pa nkhaniyi. Lingakambirane ndi makampani kuti nthawi zonyamukira ku Lilongwe ndi Blantyre zigwirizane ndi ndege za ku Ulaya, lichepetse misonkho ya pabwalo imene imakweza tikiti, komanso likope kampani imodzi kuti iyese ulendo wolunjika, ngakhale kawiri pa sabata m'nyengo ya alendo. Unduna woona za mtengatenga uyambe zokambiranazi chaka chino.