Lamulo lilipo koma ozunzidwa m'banja akungopirira

Lilongwe, Mana: Ngakhale Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la Prevention of Domestic Violence Act m'chaka cha 2006, anthu ambiri ozunzidwa sagwiritsabe ntchito chitetezo chimene lamuloli limapereka.

Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu yemwe nthambi ya boma ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anazunzidwapo ndi amuna awo pomenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kusautsidwa m'maganizo. Mwa amayi amene anamenyedwapo kapena kugwiriridwa, 40 okha mwa 100 ndiwo anapempha thandizo.

Chachikulu chimene chimawatseka pakamwa amayiwa ndi mantha a umphawi. Mayi amene amadalira mwamuna wake pa chakudya, lendi ndi fizi ya ana amaopa kuti bamboyo akamangidwa, pakhomo pagwa njala. Ankhoswe nawo nthawi zambiri amangolangiza kuti banja ndi kupirira. Mapeto ake, madandaulo amene afika ku ofesi za Victim Support Unit kupolisi amatha kuthera panjira, wodandaula akapempha yekha kuti mlandu utsekedwe.

Komatu lamulo la 2006 silinangoyang'ana za ndende. Limapatsa khoti mphamvu zoletsa wankhanza kuopseza kapena kuyandikira wozunzidwa. Khoti likhozanso kulamula kuti wankhanzayo ndiye atuluke m'nyumba, wozunzidwa ndi ana n'kutsala momwemo, ngakhale nyumbayo ikhale ya lendi. Lamuloli limatinso kumana mnzako chuma cha pabanja ndi nkhanza, ndipo limateteza abambo ndi ana omwe.

Apa ndi pamene udindo ukugwera ogwira ntchito m'boma. Wapolisi, namwino, mlangizi wa zachitukuko ndi wa zosamalira anthu ndiwo amayamba kukumana ndi wozunzidwa. Iwowa akapanda kufotokoza njira zimenezi, mayi amaganiza kuti angosankha pakati pa kumenyedwa ndi kugona ndi njala.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December, dziko lino limachita nawo masiku 16 olimbana ndi nkhanza. Koma nkhanza sizidikira mwambo. M'pofunika kuti makhonsolo, mafumu ndi ankhoswe azifotokozeredwa lamuloli m'zilankhulo zawo chaka chonse, kuti wodandaula asamabwezedwe kunyumba asanauzidwe zimene khoti lingamuchitire.