Kodi sewero la ana lingabweze madzi pa kasupe ku Dedza?

Mtsinje wa Linthipe umayambira kumapiri a Dedza, ndipo madimba ambiri kumunsi amamwa madzi ake. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imangothamanga pamwamba n'kukokolola nthaka osalowa pansi, ndipo pofika Okutobala zitsime zimaphwa. Mwana wa Sitandade 6 ku Bembeke angathe kuloweza zonsezi pabolodi n'kukhoza mayeso. Koma aphunzitsi ena amati phunziroli limakhazikika bwino akaliika m'sewero ndi m'magule. Kodi akunena zoona?

Ine ndikuti mbali yaikulu akunena zoona. Taganizani kalasi itatuluka pabwalo. Ana khumi aimirira manja m'mwamba ngati mitengo, ena akuthamanga pakati pawo ngati madzi amvula, "mitengo" ija n'kumawagwira. Kenaka wankhwangwa agwetsa asanu ndi awiri, othamanga aja n'kudutsa mopanda chowatchinga mpaka kugwetsa mtsikana wosenza ndowa. Mwana amene wagwa m'fumbimo sadzaiwala ntchito ya mizu. Seweroli silifuna buku, magetsi kapena ndalama, zomwe n'zosowa m'sukulu zathu zodzaza chiyambire maphunziro aulere mu 1994.

Njirayi si yachilendo. M'zaka za m'ma 1980, Christopher Kamlongera ndi anzake a ku Chancellor College ankachita zisudzo m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani zaumoyo, ndipo oonerera ankayankhapo ndi kutsutsana nawo. Dedza yomweyi ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo ku Mua, pa malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, munthu amaona yekha kuti chigoba chilichonse chili ndi mwambo wake. Guleyo ndi wakudambwe, si wom'tengera m'kalasi, koma chimtali, mganda ndi ngoma zilipo.

Otsutsa nawonso ali ndi mfundo zolemera. Mphunzitsi wa Sitandade 8 amayesedwa ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita kusekondale, ndipo ngakhale phunziro la Expressive Arts limafunsidwa papepala, osati pabwalo. Ndiye akaona ng'oma ngati yotaya nthawi sitingamuweruze msanga.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi china. M'masewero ambiri otere, wootcha makala ndiye mfiti ya nkhani: wadyera, wosamva, womaliza m'manja mwa apolisi. Koma pakati pa ochita sewerowo pali mwana yemwe yunifolomu yake inagulidwa ndi thumba la makala lomwe bambo ake anakankha panjinga mbandakucha kukagulitsa pamsewu wa M1. Tikum'phunzitsa chiyani mwanayo, kusamala nkhalango kapena kuchita manyazi ndi kholo lake? Nanga ogula makalawo m'tauni ya Lilongwe, bwanji saoneka m'sewero? Komanso mwana sagawa malo, sapereka chilolezo chodula mitengo ku Chongoni kapena ku Dzalanyama, sakonza mjigo. Kumusenzetsa uthenga kwinaku akuluakulu akungoomba m'manja ndiko kumunamiza.

Choncho sewero labwino lisamathere pa kuwerama ndi nthungululu. Lichitike pamaso pa nyakwawa, komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zankhalango, ndipo lisiye funso loti ayankhe pompo. Funso limodzi n'loonekeratu m'midzi yambiri ya Achewa: mitengo ya kumanda imakhalabe chiimire pomwe phiri lonse lameta mpala. Ngati mudzi umatha kuteteza msitu wakumanda popanda mlonda, n'chiyani chikuuletsa kuteteza mutu wa kasupe?

Aphunzitsi, pitirizani kuyimbitsa ng'oma. Koma nyengo yodzala mitengo ikamayamba pa 15 Disembala, mbande zikhale zili panazale yapasukulu, ndipo amfumu akhale atalozeratu malo odzalapo ndi anthu odzazisamalira.